Funsani Tiyankhe: Za Minda ya Zitsamba ndi Chiyambi cha Famase

Makalata ambiri amene mwatilembera mwezi uno akukhudza mankhwala, ndipo tasankhapo anayi amene mayankho ake akulowerana. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba tawabisa ndipo makalata ataliatali tawafupikitsa.

FUNSO: A Mkonzi, ine ndine bambo wokhala ku Chilomoni. Malemu agogo anga aamuna anali sing'anga wodziwika kwathu ku Thyolo, ndipo tsopano mwana wanga wamkazi akuphunzira za mankhwala kusukulu ya ukachenjede konkuno ku Blantyre kuti adzagwire ntchito m'famase. Tsiku lina ndinamuseka kuti watengera agogo, koma iye anakana kwamtuwagalu, nanena kuti ntchito ziwirizi sizikhudzana ngakhale pang'ono. Tiweruzeni, wolondola ndani?

YANKHO: Zikomo kwambiri bambo, ndipo mwanayo mumuyamikire m'malo mwathu. Mlandu wanuwu tiugamula motere: pa za kumene ntchitoyi inachokera, wolondola ndinu, koma pa za mmene ikugwiridwira lero, mwanayo ali ndi mfundo, chifukwa pakati pa agogo ake ndi iyeyo palowa zinthu zitatu, zomwe ndi sikelo, buku ndi lamulo.

Kwa zaka zikwi zambiri, pafupifupi mankhwala onse a padziko lapansi ankachokera ku zomera, ndipo ochepa otsalawo ankachokera ku nyama ndi ku miyala. Ku Egypt kunapezeka mpukutu wa gumbwa wolembedwa cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, umene lero umatchedwa Ebers Papyrus ndipo ukusungidwa ku Leipzig m'dziko la Germany. Mumpukutumo muli njira zoposa 700 zokonzera mankhwala, ndipo zina mwa zinthu zotchulidwamo, monga adyo, uchi ndi mafuta a nsatsi, palibe mayi wa ku Chilomoni amene sakuzidziwa. Mulinso mawu amatsenga oti wochiritsa azinena popereka mankhwalawo. Pambuyo pake, pakati pa chaka cha 50 ndi cha 70 Yesu atabadwa, dokotala wa Chigiriki dzina lake Dioscorides analemba buku lotchedwa De Materia Medica lofotokoza zomera pafupifupi 600, ndipo madokotala a ku Ulaya ndi a kwa Aluya anatsamira pa bukuli kwa zaka pafupifupi 1,500.

M'nthawi yonseyi, kawirikawiri munthu mmodzi yemweyo ndiye ankaona wodwala, kukumba muzu, kusinja ndi kumwetsa, monga ankachitira agogo anu. Kugawikana kwa ntchito kunaonekera bwino ku Baghdad m'zaka za m'ma 700 ndi 800, pamene munatseguka masitolo ogulitsa mankhwala okhaokha, boma n'kuika anthu oyendera masitolowo kuti aziona ngati katundu ali weniweni ndiponso ngati miyeso ili yoona. Chinayambitsa zimenezi ndi malonda. Mankhwala akakhala kuti achokera ku India kapena ku Persia ali ouma kapena operapera, dokotala sangathenso kunena kuti muzuwu ndakumba ndekha ndipo ndikuudziwa, choncho pamafunika munthu wina wodziwa kusiyanitsa chenicheni ndi chachinyengo. Ku Ulaya, mfumu Frederick II inalamula cha m'ma 1240 kuti ku Sicily ndi kummwera kwa Italy dokotala asakhale ndi sitolo ya mankhwala kapena kuchita mgwirizano wa phindu ndi wogulitsa mankhwala, kuti wogulitsayo azilumbira kuti adzakonza mankhwala mokhulupirika, ndiponso kuti mitengo iziikidwa ndi boma. Nzeru ya lamuloli ikadali yamoyo, pakuti munthu amene amapindula wodwala akagula mankhwala ambiri si woyenera kukhala yekha wonena kuchuluka kwa mankhwala amene wodwalayo akufunika.

Wogulitsa mankhwala wa masiku amenewo m'Chingerezi ankatchedwa apothecary, dzina lochokera ku mawu a Chigiriki akuti apotheke, amene tanthauzo lake ndi nkhokwe. Amene munapitako ku Johannesburg mwina munaona mawu akuti apteek pa zikwangwani za mafamase. Gwero lake ndi lomwelo. Mawu akuti famase nawonso ndi ochokera ku Chigiriki, ku liwu lakuti pharmakon, limene linkatanthauza chochiritsa, chiphe ngakhalenso chithumwa. Apatu Agiriki ankaganiza ngati ife, chifukwa ifenso liwu limodzi lakuti mankhwala timaligwiritsa ntchito ponena za ochiza chifuwa, ophera makoswe ndi otsirikira nyumba.

Ku London ogulitsa mankhwala anali m'bungwe limodzi ndi ogulitsa zokometsera ndiwo mpaka mu 1617, pamene mfumu James I inawalola kukhala ndi bungwe laokha, ndipo chaka chotsatira madokotala a mumzindawo anasindikiza buku lolamula kakonzedwe ka mankhwala alionse. Mnyamata wofuna ntchitoyi ankakhala m'manja mwa katswiri kwa zaka 7 kapena kuposerapo, akusinja mumtondo, kusefa, kuwiritsa, kupinda ufa m'timapepala ndi kuumba mapiritsi pamanja. Muyeso wawo waung'ono unali kulemera kwa njere imodzi ya barele, komwe ndi mamiligalamu pafupifupi 65, ndipo mwana wanu angakondwe kudziwa kuti piritsi la asipirini la mamiligalamu 300 kapena 325 linatengera mlingo wakale wa njere 5. Koma tisawakometse mopitirira. Mankhwala awo otchuka kwambiri, otchedwa theriac, anali msakanizo wa zinthu zoposa 60, kuphatikizapo mnofu wa njoka ya mtundu wa mphiri, ndipo ankawakhulupirira kuti amachiza pafupifupi nthenda iliyonse mpaka m'zaka za m'ma 1700. Amene amaseka zizimba za asing'anga athu azikumbukira zimenezi.

Kusintha kwakukulu kunabwera pamene anthu anaphunzira kutulutsa m'chomera chinthu chenichenicho chimene chimagwira ntchito m'thupi. Cha m'ma 1805, Friedrich Sertürner, mnyamata amene ankaphunzira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Paderborn m'dziko la Germany, anatulutsa morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu, mu utomoni wa duwa la popi, ndipo mu 1820 Pierre-Joseph Pelletier ndi Joseph Caventou a ku Paris anatulutsa kwinini m'makungwa a mtengo wa cinchona. Ufa woyera wotere umayezeka pa sikelo ndipo mphamvu yake ya lero ndi yomweyo ya mawa, pamene khungwa limasiyana mphamvu malinga ndi mtengo, dothi ndi nyengo. Kuyambira pamenepo ntchito yosinja inayamba kusamukira m'mafakitale. Kampani ya Merck, mwachitsanzo, inayamba ngati sitolo ya mankhwala ya banja limodzi ku Darmstadt mu 1668, n'kuyamba kupanga mankhwala ambiri ogulitsa kwa ena mu 1827.

Kuno ku Blantyre, Dr Neil Macvicar, amene anafika ku mishoni mu 1896, ndiye anayamba kuphunzitsa mwadongosolo anthu akuda ntchito yothandiza m'chipatala ndi yopereka mankhwala, ndipo mmodzi mwa ophunzira ake odziwika anali John Gray Kufa, amene atsamunda anamupha mu 1915 pa nkhondo ya Chilembwe. Maphunziro a digiri ya za famase anayamba ku College of Medicine mu 2006, ndipo lero ntchitoyi imayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019. Mwana wanu akadzalakwitsa mlingo, pali buku limene adzamuweruzire ndiponso chiphaso chimene angamulande. Agogo anu analibe zimenezo, ngakhale kuti m'mudzi mbiri ya munthu inkagwira ntchito yofananako.

FUNSO: A Mkonzi, ndine mayi wophunzitsa pasukulu ina ya pulayimale ku Bangwe. Ine ndi anzanga tikufuna kuyambitsa kamunda ka zitsamba pasukulu pathu, koma mphunzitsi wina akuti zimenezo n'zachizungu, makolo athu sankabzala mankhwala. Kodi minda yotereyi inayamba bwanji, nanga n'zoona kuti kwathu kuno kunalibe?

YANKHO: Mayi, mnzanuyo wanena zoona pang'ono, koma chifukwa chimene makolo athu sankabzalira mankhwala ndi chomwecho chimene inu muyenera kubzalira lero. Tiyambe ndi za kutsidya kwa nyanja.

Ku Ulaya minda ya zitsamba inakulira m'nyumba za amonke, amene malamulo awo ankawakakamiza kusamalira odwala. Ku St Gall m'dziko la Switzerland kukusungidwa pulani ya nyumba ya amonke imene inajambulidwa cha m'ma 820, ndipo pa pulaniyo pakuoneka kamunda ka mabedi 16, bedi lililonse ndi dzina la chomera chake, kali pafupi ndi nyumba ya dokotala momwe munali kabati yosungiramo mankhwala. Anachita zimenezi kuti wodwala akadzidzimuka usiku, chitsamba chikhale pakhomo, ndiponso chifukwa zomera zambiri zotchulidwa m'mabuku a Agiriki zinali za kumadera ofunda ndipo sizinkamera zokha kumpoto kozizira.

Koma munda umene ife timauona kuti ndi kholo la kamunda kanu ndi wa ku Padua m'dziko la Italy, umene unatsegulidwa mu 1545, patangopita chaka chimodzi kuchokera pamene wa ku Pisa unayamba. Umenewu sunali wokolola mankhwala, unali wophunzitsira. Aphunzitsi a payunivesite ya kumeneko, motsogozedwa ndi Francesco Bonafede, anaona kuti ophunzira amaloweza mayina a m'mabuku koma chomeracho sakuchidziwa, ndipo ogulitsa mankhwala ankasokoneza zomera zofanana maonekedwe kapena kunyenga dala, odwala n'kumavulala. Choncho anabzala zomerazo kuti wophunzira aone tsamba, anunkhize, akhudze muzu, kenako ayerekeze ndi chouma chimene chikugulitsidwa m'sitolo. Patangopita zaka zochepa anaumangira mpanda wozungulira chifukwa anthu ankaba zomerazo usiku, ndipo mfundo imeneyi, mayi, muisunge. Mundawo ukadali pamalo omwewo mpaka lero, ndipo bungwe la UNESCO linauika m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse mu 1997.

Mizinda ina inatsatira: Leiden mu 1590, Oxford mu 1621, Edinburgh mu 1670 ndi Chelsea ku London mu 1673. Wa ku Chelsea anayambitsa ndi ogulitsa mankhwala eni ake kuti aziphunzitsiramo anyamata awo, ndipo mu 1722 Hans Sloane, amene anali mwini malowo, anawabwereketsa kwamuyaya pa lendi ya mapaundi 5 pachaka, malinga ngati chaka chilichonse azipereka zomera zouma 50 za mitundu yatsopano ku bungwe la asayansi la Royal Society.

Wa ku Edinburgh ndiwo umatikhudza ife a ku Blantyre. Unayambitsidwa ndi madokotala awiri, Robert Sibbald ndi Andrew Balfour, ngati kamunda ka zitsamba, ndipo patapita zaka 200 unali utasanduka munda waukulu wa boma wotumiza mbewu kumayiko akutali. Mishoni ya Blantyre itakhazikitsidwa mu 1876, wolima wina dzina lake Jonathan Duncan anabwera mu 1878 ndi mbande za khofi zochokera m'munda umenewo, ndipo imodzi yokha imene inapulumuka ndiyo inakhala kholo la minda yoyamba ya khofi ya kumapiri a Shire. Ku Zomba, Alexander Whyte anayambitsa munda wa zomera mu 1891 pansi pa ulamuliro wa Harry Johnston. Tinene mosabisa kuti minda ya atsamunda imeneyi cholinga chake chachikulu chinali kuyesa mbewu za malonda, osati kusunga nzeru za asing'anga. Lero munda wa ku Zomba uli m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lokhazikitsidwa mu 1987, limene lilinso ndi minda ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.

Tsono tibwere kwathu. Makolo athu sankafunika kulima mabedi chifukwa munda wawo wa mankhwala unali tchire lonse, ndipo linali pafupi. Komabe kusabzala sikutanthauza kusasamala. Potsegula mphanje ankasiya mitengo ina monga mvunguti, bwemba ndi mlambe; kumanda ndi kumalo a nsembe, monga nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, nkhwangwa sinkaloledwa mwachisawawa; ndipo asing'anga ambiri anali ndi mwambo wosenda khungwa kum'mawa ndi kumadzulo kokha, umene kaya unayamba pa zifukwa za mizimu, unkathandiza kuti mtengo usasendedwe kuzungulira n'kuuma. Chimene chinalibe malo m'dongosolo limeneli ndi chikwangwani. Nzeru ya mankhwala inali chuma cha banja, yonong'onezedwa kwa mwana kapena mdzukulu mmodzi, ndipo sing'anga sakanabzala mitengo yake pamzere ndi kulemba mayina kuti aliyense wodutsa awerenge. Kufooka kwake n'kwakuti nkhalamba ikamwalira isanapeze womusiyira, zonse zimapita nayo kumanda.

Nanga tchirelo lili kuti lero? Inu a ku Bangwe simufunika kuuzidwa. Phiri la Ndirande linametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990, Soche ndi Mpingwe atsatira, ndipo Michiru nayenso ali pa mavuto omwewo. Ogulitsa mizu m'misika ya Limbe ndi Blantyre amatenga katundu wawo kutali, ndipo wokumba kuti akagulitse sasamala za kum'mawa ndi kumadzulo. Amazula gondolosi yense ndi kusenda muwawani mpaka kuusiya mbulanda. Mwana wobadwira mumzinda muno angathe kumaliza sukulu asanaone mvunguti uli ndi zipatso.

Choncho bzalani. Yambani ndi zosavuta monga nimu, chammwamba, alovera, jinja, adyo ndi mandimu, ndipo ngati malo alipo onjezani mitengo yachilengedwe monga muwawani, mvunguti ndi bwemba. Pa chomera chilichonse ikani chikwangwani cha dzina la Chichewa ndi dzina la sayansi, chifukwa kwathu kuno dzina limodzi limatha kutchulira zomera zingapo zosiyana, ndipo chomera chimodzi chimatha kukhala ndi dzina lina ku Thyolo, lina ku Mangochi. Pamene mwakayikira, akatswiri a ku Zomba aja ntchito yawo ndi yomweyo yozindikira zomera. Nsatsi musabzale pasukulu, pakuti njere zake ndi chiphe kwa mwana amene wazitafuna. Ndipo ana muwauze kuyambira tsiku loyamba kuti kamundako n'kophunzirirapo, si dispensale.

FUNSO: A Mkonzi, kwathu ndi ku Chikwawa koma ndimakhala ku Zingwangwa. Aphunzitsi athu a kusekondale anatiuzapo kuti azungu anatenga mankhwala a mtima kwathu kuchigwa. Kodi n'zoona, nanga bwanji ife sitinalemere nawo?

YANKHO: Achimwene, aphunzitsi anuwo sananame. Chomeracho ndi kombe, chomera choyanga chimene chimakwera mitengo ikuluikulu m'nkhalango za kuchigwa cha Shire, ndipo alenje a Chimang'anja ankasinja njere zake kupanga ulembe wopaka ku mivi. Nyama yolasidwa inkathamanga pang'ono n'kugwa, alenje n'kucheka mnofu wozungulira bala, yotsalayo n'kudya popanda vuto. Anthu amenewa ankadziwa chomera choyenera, mbali yake yamphamvu, kakonzedwe kake ndi malire a kuopsa kwake kalekale mzungu asanaponde m'chigwamo.

John Kirk, dokotala ndiponso katswiri wa zomera amene anali paulendo wa David Livingstone wa mumtsinje wa Zambezi ndi Shire kuyambira mu 1858 mpaka 1863, anatenga ulembewo pang'ono n'kuusunga m'thumba momwe munalinso mswachi wake. Tsiku lina potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa ndipo anaganiza kuti ndi kwinini, amene apaulendowo ankamwa kawirikawiri poopa malungo, koma anazindikira kuti mtima wake, umene unkagunda mofulumira chifukwa cha chimfine, wayamba kugunda pang'onopang'ono. Livingstone analemba nkhaniyi m'buku lake la ulendowo la mu 1865. Zitsanzo zinatumizidwa ku Britain, ndipo katswiri wa kumunda wa zomera wa Kew ku London, Daniel Oliver, anapatsa chomeracho dzina la sayansi lakuti Strophanthus kombe, moti liwu la kwanu kuchigwa likupezeka m'mabuku a mankhwala a dziko lonse.

Amene anagwira ntchito yaitali ndi Thomas Fraser wa payunivesite ya Edinburgh, amene anayesa njerezo kwa zaka zambiri, zina mwa izo atatumiziridwa ndi John Buchanan, yemwe anabwera ku mishoni ya Blantyre ngati wolima. Fraser anatulutsamo chinthu chimene anachitcha strophanthin, ndipo mu 1885 analengeza kwa madokotala anzake kuti pa mlingo wochepetsetsa chimathandiza mtima wofooka kupopa magazi mwamphamvu ndi modekha, pamene pa mlingo waukulu chimauumitsa mtimawo, monga zinkachitikira nyama yolasidwa ija. Kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London inayamba kugulitsa mankhwala a kombe, ndipo kwa zaka zambiri njere zake zinali pa mndandanda wa katundu amene dziko la Nyasaland linkatumiza kunja. Ku Germany madokotala anawakonda kwambiri kuyambira pamene Albert Fraenkel anayamba kuwapereka kudzera mumtsempha cha m'ma 1906. Pambuyo pake anachepa ntchito, mwa zina chifukwa akamwedwa pakamwa salowa bwino m'magazi, ndipo madokotala anatsamira pa digoxin, wochokera ku duwa la ku Ulaya lotchedwa foxglove. Panalinso vuto lomwe lija la ku Padua: kombe ali ndi abale ake ofanana naye njere koma osiyana mphamvu, ndipo m'matumba otumizidwa kunja njerezo zinkasakanikirana.

Za kulemera, yankho lake ndi lowawa koma losavuta. Ife tinkagulitsa njere zosakonza pa mtengo wotsika, pamene phindu linali pa kuyenga, kuyeza ndi kuika m'botolo, zomwe zinkachitikira kunja, ndipo panthawiyo panalibe lamulo lonena kuti eni nzeru alandirepo kanthu. Si ife tokha. Mtengo wa cinchona kwawo ndi kumapiri a Andes ku South America, koma mbewu zake zabwino kwambiri, zimene Manuel Incra Mamani wa ku Bolivia anatolera mzungu wamalonda Charles Ledger, zinagulidwa ndi boma la Netherlands mu 1865 n'kubzalidwa pa chilumba cha Java, chimene pambuyo pake chinkatulutsa pafupifupi kwinini yense wa padziko lapansi. Mamani anamangidwa, kumenyedwa, n'kumwalira mu 1871. Pangano la mayiko la ku Nagoya la mu 2010, limene dziko la Malawi linalowamo, ndilo likunena tsopano kuti wotenga chomera kapena nzeru ya anthu a dera lina ayenera kupempha chilolezo ndi kugawana nawo phindu, koma silibweza za m'mbuyo.

FUNSO: A Mkonzi, ndine mayi wa ku Ndirande. Amuna anga amamwa mankhwala a shuga ochokera kuchipatala, koma tsopano agula kwa munthu wina woyendayenda botolo la mankhwala azitsamba amene akuti amachiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi malungo. Akunena kuti ngakhale LA ndi wochokera ku chitsamba, ndiye palibe kusiyana. Kodi ndiwayankhe chiyani?

YANKHO: Mayi, bambowo akulondola pa mfundo imodzi. Mbali ina ya LA imachokeradi ku chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua. Mayi wina wasayansi, Tu Youyou, atawerenga zolemba zakale za asing'anga a kwawo, anazindikira kuti kutentha kumawononga mphamvu ya chitsambacho, ndipo mu 1972 gulu lake linatulutsamo artemisinin, ntchito imene analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2015. Koma taonani chimene chili m'piritsi la LA: mamiligalamu 20 a artemether, wopangidwa kuchokera ku artemisinin uja, ndi 120 a lumefantrine, ndipo munthu wamkulu amamwa mapiritsi 24 m'masiku 3, atayezetsa kaye magazi. Masamba owiritsa mumphika alibe mlingo wodziwika, ndipo akachepa mphamvu amapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba, timene timaswana n'kuyamba kupima mankhwala. N'chifukwa chake bungwe la World Health Organization limaletsa kuchiza malungo ndi tiyi wa chitsambachi. A Malawi tikudziwa kuwawa kwa mankhwala opimidwa, pakuti tinasiya chloroquine mu 1993, n'kusiyanso Fansidar ngati mankhwala oyamba mu 2007.

Pa za shuga, m'mabwalo ambiri a ku Ndirande muli kaduwa kofiirira kapena koyera ka masamba onyezimira, kochokera ku Madagascar, kamene dzina lake la sayansi ndi Catharanthus roseus. Anthu a m'mayiko angapo ankamwa masamba ake pokhulupirira kuti amachiza shuga. Asayansi a ku Canada atakayesa m'zaka za m'ma 1950, sanapeze mphamvu yodalirika pa shuga, koma anaona kuti kamachepetsa kwambiri maselo oyera a m'magazi, ndipo kafukufuku wa kaduwa kameneka ndiye anabala vinblastine ndi vincristine, mankhwala amene lero akuchiza khansa ya ana ngakhale m'zipatala zathu. Chitsambacho chinalidi ndi mphamvu, koma osati imene omwawo ankaiganizira.

Botolo la bambowo sitikudziwa kuti muli chiyani, ndipo vuto lake ndi lomwelo: ngati palibe mayina a zosakaniza, mlingo, tsiku lothera mphamvu ndi wopanga amene angapezeke zinthu zikavuta, ndiye kuti n'chimodzimodzi theriac uja wochiza zonse. Safunsa anadya phula. Chofunika kwambiri n'chakuti asasiye mankhwala a kuchipatala ngakhale tsiku limodzi, chifukwa shuga amawononga impso, maso ndi mapazi mwakachetechete munthu akudzimva kuti ali bwino, ndiponso zitsamba zina zikaphatikizana ndi mapiritsi zimatsitsa shuga mopitirira kapena kulemetsa chiwindi. Botololo musalitaye ndipo musakangane nawo; pa tsiku lawo la kuchipatala muwaperekeze, mulitenge, ndipo mukalionetse kwa dokotala kapena kwa wa kufamase pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala, mutamuuza kuti ayamba liti kumwa ndiponso kuti amamwa wochuluka bwanji patsiku.